Barré de Saint-Venant: sajeni wokana nkhondo amene adamvetsa kupotoka kwa chitsulo

Pansi pa lole pamadutsa chitsulo chachitali chimene chimatenga mphamvu ku injini n'kukaipereka ku magudumu a m'mbuyo. M'chigayo muli china chozunguza nyundo zophwanya chimanga, ndipo pa njinga yakapalasa pali kachitsulo kolumikiza mapedulo awiri. Zitsulo zonsezi zimasenza mtolo wofanana. Mbali imodzi imakankhidwa kuti izungulire, mbali inayo imakanizidwa ndi katundu, ndipo pakati pake chitsulo chimapotoka monga chimachitira chovala pochifinya. Chikachepa mphamvu chimaduka, nthawi zina galimoto ili pa liwiro, anthu ali m'kati.

Masamu amene mainjiniya amadalira pofuna kudziwa kuti chitsulo cha maonekedwe akutiakuti chipirira kupotokola kochuluka bwanji adawayala ndi Mfalansa wina dzina lake Adhémar Jean Claude Barré de Saint-Venant. Munthuyu adayamba moyo wake wa uchikulire ndi dzina loipa la wothawa nkhondo, ntchito yake yaikulu adaitulutsa atapitirira zaka 50, ndipo ulemu wa akatswiri anzake adaulandira imvi zili mbuu.

Tsiku la mizinga

Saint-Venant adabadwa pa 23 Ogasiti 1797 m'nyumba yaikulu ya pamunda yotchedwa Fortoiseau ku Villiers-en-Bière, kummwera kwa mzinda wa Paris. Bambo ake, Jean Barré de Saint-Venant, adagwirapo ntchito ku Saint-Domingue, dziko limene linkalamulidwa ndi France ndipo lero ndi Haiti. Mayi ake adabadwira komweko. Bambowo adamwalira m'chaka cha 1810 mwanayo adakali wamng'ono, koma luso lake pa masamu lidali litaonekera kale. M'chaka cha 1813, ali ndi zaka 16, adapambana mayeso olowera ku École Polytechnique, sukulu imene inkasula mainjiniya ndi akuluakulu a asilikali a dziko la France.

Nthawiyo ufumu wa Napoleon udali ukugwedezeka. M'mwezi wa Malichi 1814 asilikali a mayiko amene adagwirizana zomugwetsa adafika pa zipata za Paris, ndipo ophunzira a pasukuluyo adalamulidwa kukateteza mzinda. Pa 30 Malichi, anyamatawo akukoka mizinga kupita kumalo omenyerako, Saint-Venant, amene adali sajeni wa gulu lake, adatuluka pamzere n'kulengeza kuti chikumbumtima chake sichikumulola kumenyera nkhondo munthu wolanda ufumu. Iye adali Mkatolika wolimba ndiponso wokhulupirika ku banja lachifumu limene lidachotsedwa pampando nthawi ya chipolowe chachikulu cha ku France.

Mzinda wa Paris udagonja tsiku lotsatira, ndipo patangopita masiku ochepa Napoleon adatula pansi ufumu. Komabe anzake a Saint-Venant sadamukhululukire. Kwa iwo adali munthu amene adawasiya pa nthawi ya zoopsa. Njira ya uinjiniya imene anzakewo adatsata idamutsekekera, ndipo adakalowa ntchito m'nthambi ya boma yopanga onga wa mfuti. Mnyamata amene adakana kuombera mzinga adatha zaka zaunyamata wake akuyesa ndi kusakaniza mankhwala opangira onga.

M'chaka cha 1823 boma lidamulola kulowa École des Ponts et Chaussées, sukulu ya omanga milatho ndi misewu, osalemba mayeso. Zimenezi zidaonjezera mkwiyo wa ophunzira ena, moti kwa zaka ziwiri ankakana kulankhula naye ngakhale kukhala naye pa benchi imodzi. Iye adaika mtima pa maphunziro, makamaka amene ankaphunzitsa katswiri Claude-Louis Navier, ndipo m'chaka cha 1825 adamaliza ali woyamba m'kalasi.

Kuchokera pamenepo adagwira ntchito pa ngalande zikuluzikulu zoyendamo mabwato, poyamba ya Nivernais, kenako ya Ardennes. Masana ankayang'anira okumba ndi omanga, ndipo nthawi yake yopuma ankaithera pa masamu. M'chaka cha 1837 adakwatira mkazi wa m'banja la Rohault de Fleury la ku Paris. Chaka chomwecho adaitanidwa kukaphunzitsa za kulimba kwa zipangizo zomangira ku sukulu ija imene adamusalako, m'malo mwa Gaspard Coriolis amene ankadwaladwala. Ngakhale adali mphunzitsi, m'zaka za 1839 ndi 1840 ankapitabe ku Collège de France kukakhala pakati pa ophunzira n'kumalemba zimene katswiri wa masamu Joseph Liouville ankaphunzitsa.

Lamulo lolondola pa waya, lolakwika pa chitsulo cha makona

Woyamba kuyeza kupotoka mwadongosolo adali Charles-Augustin de Coulomb. M'chaka cha 1784 iye adafotokoza zimene adapeza atapachika zolemera ku mawaya, kuzipotokola, n'kumawerenga nthawi imene zinkatenga pozungulira uku ndi uku. Adapeza kuti waya amapotoka molingana ndi mphamvu yomupotokola komanso molingana ndi kutalika kwake. Chodabwitsa chidali pa kunenepa. Waya wonenepa kawiri m'mimba mwake amakana kupotoka kuwirikiza ka 16.

Chifukwa chake chimamveka munthu akaganizira chitsulo chobulungira ngati mulu wa makobili osanjikizana. Chikapotokoledwa, kobili aliyense amazungulira pang'ono kuposa wapansi pake, koma amakhalabe wafulati. Pakatikati pa kobili palibe chimene chimasuntha, pamene m'mphepete mwake ndi mmene mumatsetsereka kwambiri. Motero chitsulo cha kunja ndicho chimagwira ntchito yaikulu, pa zifukwa ziwiri: ndicho chimakokeka kwambiri, ndiponso chili kutali ndi pakati, monga mmene sipanala yaitali imamasulira nati imene yaifupi yalephera.

Akatswiri otsatira, kuphatikizapo Navier, adatenga ganizo limeneli n'kuliika pa chitsulo cha maonekedwe aliwonse. Ankati kaya chitsulo n'cha makona anayi, kaya n'chaphanthiphanthi ngati lamba, zigawo zake zimazungulira zili zafulati monga makobili aja. Zikadakhala choncho, makona akadakhala malo ovutika kwambiri popeza ndiwo ali kutali ndi pakati, ndipo chitsulo chotambalala chikadakhala chouma kwambiri pochipotokola.

Zoyesa zidatsutsa. Injiniya Alphonse Duleau, amene adasindikiza zotsatira za kuyesa kwake zitsulo m'chaka cha 1820, adaona kuti lamulo logwira bwino pa zitsulo zobulungira silinkagwirizana ndi zitsulo za makona. Augustin Cauchy adayesa kukonza masamuwo ndipo adayandikira, koma yankho lake lidali longoyerekeza. Nkhaniyi idali ndi ngozi m'kati mwake, chifukwa lamulo lakale linkalakwira mbali yoopsa: linkauza womanga kuti chitsulo chake n'cholimba kuposa mmene chidalili. Iyi idali nyengo imene injini za nthunzi, sitima za pamtunda ndi mafakitale zinkachuluka, ndipo zonsezi zinkayendera zitsulo zozungulira. Pamwamba pa izo, amisiri ambiri ankakayikira masamu a akatswiri, makamaka mlatho wolenjekeka umene Navier ankamanga pa mtsinje wa Seine ku Paris utaonongeka m'chaka cha 1826 usadathe n'komwe, mpaka kuphwasulidwa.

Zimene Saint-Venant adapeza

Saint-Venant adalimbana ndi funsoli kuyambira m'zaka za m'ma 1840. M'chaka cha 1853 adapereka ku bungwe la akatswiri a sayansi la Académie des Sciences chikalata cha masamba opitirira 300 chofotokoza kupotoka kwa zitsulo. Komiti imene idachiunika, momwe mudali Cauchy, Jean-Victor Poncelet, Guillaume Piobert ndi Gabriel Lamé, idachiyamikira ndi kulimbikitsa kuti chisindikizidwe, ndipo chidatuluka patapita zaka ziwiri.

Mfundo yake yaikulu idali yakuti zigawo za chitsulo chosabulungira sizikhala zafulati chikamapotoka. Zimapindika, mbali ina kutukumuka, mbali ina kulowa m'kati, monga thabwa laliwisi louma padzuwa. Kupindika kumeneku kumapatsa chitsulo njira yogonjera, motero chimapotoka mosavuta kuposa mmene lamulo lakale linkanenera. Munthu akatenga labala wa makona anayi, kujambulapo mizere yopingasana, n'kumupotokola, amaona ndi maso ake kuti mizere imene idali yowongoka yakhota, ndipo timabokosi ta pakati pa mbali iliyonse tapendekeka kwambiri pamene ta m'makona tatsala pafupifupi momwe tidalili.

Njira imene adafikira pa yankho nayo idali yatsopano. Masamu ofotokoza mmene chinthu cholimba chimatanukira adali atalembedwa kale ndi Navier, Cauchy ndi Siméon Poisson, koma adali ovuta kuwamasula kuchokera pachiyambi mpaka pamapeto. Saint-Venant adayamba ndi kulingalira gawo lina la yankho. Adati chigawo chilichonse chimazungulira molingana ndi mtunda wake kuchokera kumapeto kogwiridwa, ndipo zigawo zonse zimapindika mofanana. Mmene kupindikako kumaonekera adasiyira masamu kuti anene, kenako n'kutsimikiza kuti zonse zikugwirizana ndi malamulo oyambirira aja. Njira imeneyi, yolingalira theka n'kuwerengera theka, ikuphunzitsidwabe m'sukulu za uinjiniya.

Zotsatira zake zidali zomveka ngakhale kwa mmisiri wa m'fakitale. Chitsulo cha mbali zinayi zofanana chimakana kupotoka ndi magawo 84 okha pa 100 a zimene lamulo lakale linkalonjeza. Cha mbali zitatu zofanana chimafika magawo 60 pa 100. Kusiyana kumakula chitsulo chikamaphanthalala: ngati kutambalala kwake kukuposa kuchindikala kwake kakhumi, lamulo lakale limachikometsa kuwirikiza pafupifupi ka 27. N'chifukwa chake lamba wa chitsulo amene munthu sangamupinde cha m'mbali amapotoka ndi manja okha.

Adapezanso kuti malo ovutika kwambiri ali pakati pa mbali, pamene khungu la chitsulo layandikira pakati pake, ndipo pa chitsulo chotambalala ali pakati pa mbali yaitali. M'makona enieni mulibe mphamvu yong'amba ngakhale pang'ono. Akatswiri amene adabwera pambuyo pake adafanizira zimenezi ndi madzi ozungulira m'chiwiya. Mphamvu yokana kupotoka imayenda mozungulira m'kati mwa chitsulo motsata m'mphepete, ndipo singatulukire kunja. Phala lotakasidwa mumphika wobulungira limayenda lonse, koma m'chitini cha makona limathamanga m'mbali n'kumatsalira m'makona. Chimodzimodzi, chitsulo cha m'makona ndi cha m'nthiti zotulukira kunja chimaonjezera kulemera popanda kuthandiza kwenikweni. Saint-Venant adawerengera ngakhale zitsulo za maonekedwe a nyenyezi n'kuonetsa kuti nsonga zake zimangodya chitsulo. Kona yolowa m'kati, ngati ya mpata wolowetsamo kiyi pa shafiti, imachita zosiyana: mphamvu imathithikana pamenepo, ndipo ming'alu yambiri imayambira pomwepo.

Poyerekeza maonekedwe onse amene adawerengera, iye adatsimikiza mumtima kuti pakati pa zitsulo zopanda mphako zolemera mofanana, chobulungira ndicho chimakana kupotoka koposa. Umboni wathunthu wa mfundoyi udadikira mpaka 1948, pamene katswiri wa masamu George Pólya adaupereka.

M'chikalata chomwecho mudali mfundo ina imene lero imadziwika ndi dzina lake. Chitsulo chimatha kugwiridwa kumapeto ndi sipanala, ndi mabawuti kapena ndi kuwotcherera, ndipo njira iliyonse imachipanikiza mosiyana. Saint-Venant adati kusiyana kumeneku kumamveka pafupi ndi pogwirapo pokha, pa mtunda wofanana ndi kunenepa kwa chitsulocho. Kupitirira apo chitsulo chimangomva kuchuluka kwa mphamvu yonse, osati mmene yaperekedwera. Labala akatsinidwa ndi pulayazi amafinyika pamalo otsinidwawo, koma chapatali pang'ono amakhala ngati sadakhudzidwe. Popanda mfundo imeneyi, injiniya akadafunika kuyamba masamu atsopano pa bawuti iliyonse. Iye adaipereka ngati chinthu chooneka m'zoyesa, ndipo masamu otsimikizira adadza patatha zaka zoposa 100, makamaka mu ntchito ya Richard Toupin ya 1965.

Paipi ndi chitsulo chodzaza

Popeza pakati pa chitsulo sipagwira ntchito yambiri, kupachotsa kumapepuza katundu popanda kutaya mphamvu yochuluka. Chitsulo chobulungira chikabooledwa mphako ya theka la kunenepa kwake, kulemera kumatsika ndi magawo 25 pa 100, koma kukana kupotoka kumatsika ndi magawo 6 okha. Chitsulo chomwecho chikapangidwa paipi yaikulu, phindu limakula. Paipi ya mamilimita 40 m'mimba mwake, ya khoma lochindikala mamilimita awiri, imalemera pafupifupi mofanana ndi ndodo yodzaza ya mamilimita 18, koma imakana kupotoka kuwirikiza pafupifupi kakhumi. Ichi ndicho chifukwa chake felemu ya njinga ndi shafiti yaitali ya pansi pa galimoto zimapangidwa ndi mapaipi. Malire ake alipo: khoma likapyapyala mopitirira muyezo limakwinyika ngati chitini chofinyidwa.

Phindu lonseli limadalira kuti paipi ikhale yotsekeka kuzungulira konse. Paipi ija ya mamilimita 40 ikang'ambidwa mzere umodzi kuchokera kumapeto kufika kumapeto, maonekedwe ake sasintha ndipo kulemera kwake sikusintha, koma kukana kupotoka kumagwa kuwirikiza pafupifupi ka 300. Mphamvu imene inkazungulira khoma lonse tsopano ilibe podutsira, motero imabwerera m'kati mwa kuchindikala kwa khomalo, ndipo paipiyo imasanduka lamba wopindidwa chabe. Milomo iwiri ya pong'ambikapo imatsetserekana motsata utali, kumene kuli kupindika kuja kumene Saint-Venant adafotokoza. Nsungwi imaonetsa zomwezo: yathunthu imavuta kuipotokola, yong'aluka imagonja msanga.

Pa chifukwa chomwechi, mitanda ya chitsulo yooneka ngati chilembo cha I kapena cha C, imene imasenza bwino katundu woipinda, ndi yofooka ikapotokoledwa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mtanda wotere ukasenzetsedwa katundu wolemera mbali imodzi umatha kupendekeka ngakhale ukuoneka waukulu. Lamulo losavuta lowerengera mapaipi otsekeka a khoma lopyapyala adalipereka ndi injiniya wa ku Germany, Rudolf Bredt, m'chaka cha 1896, pomanga pa maziko a Saint-Venant.

Enanso adapitiriza. M'chaka cha 1903 Ludwig Prandtl adaonetsa kuti masamu a kupotoka ndi ofanana ndi a kachikopa kopyapyala kokungidwa pa bowo n'kuuziridwa mpweya. Bowolo likadulidwa m'maonekedwe a chitsulo, kutsetsereka kwa kachikopako kumasonyeza pamene chitsulo chikuvutika, ndipo mpweya umene uli pansi pake umasonyeza kuuma kwa chitsulocho. M'chaka cha 1917, nkhondo yoyamba ya dziko lonse ili m'kati, A. A. Griffith ndi G. I. Taylor a ku Britain adagwiritsa ntchito thovu la sopo mwanjira imeneyi poyeza zipangizo za ndege.

Kunyalanyaza kupotoka kudaonetsa mtengo wake pa 7 Novembala 1940, pamene mlatho wolenjekeka wa Tacoma Narrows ku America udagwa patangotha miyezi inayi chiutsegulire. Msewu wake udagona pa mitanda yosatsekeka pansi, yofooka pa kupotoka, ndipo mphepo idaupotokola uku ndi uku mpaka udaduka. Milatho yambiri yaitali ya pambuyo pake, monga wa Severn ku Britain umene udatsegulidwa m'chaka cha 1966, idamangidwa ndi msewu wa bokosi lotsekeka, limene ndi paipi yaikulu ya makona.

Madzi, mikangano ndi ulemu wochedwa

Moyo wa Saint-Venant pa ntchito ya boma sudali wosalala. Atagwira ntchito ya misewu ya mu Paris adasemphana maganizo ndi akuluakulu, ndipo pofika 1848 adali atachoka m'nthambi ya milatho ndi misewu. Chidwi chake chidapitanso ku ulimi. Adalemba za mmene angaumitsire madambo a dera la Sologne, limene linkadziwika ndi umphawi ndi malungo, ndipo kuyambira 1850 mpaka 1852 adaphunzitsa pa sukulu ya zaulimi ku Versailles. Chikalata chake cha kupotoka adachilemba ali kunja kwa maudindo akuluakulu, ndipo m'chaka cha 1856 adatulutsa chinzake chofotokoza kupindika kwa mitanda.

Pa nkhani ya madzi, mbiri idamumana gawo lake. Navier adalemba masamu a kayendedwe ka madzi m'chaka cha 1822, koma pa maziko okayikitsa. M'chaka cha 1843 Saint-Venant adawapezanso mwanjira yolondola, poyambira pa kukhuzana kwa m'kati mwa madziwo. George Stokes wa ku Cambridge adachita chimodzimodzi m'chaka cha 1845. Masamuwo lero amatchedwa a Navier ndi Stokes, ndipo dzina la munthu wa pakati silitchulidwa. M'chaka cha 1845 adasindikizanso njira yowerengera zinthu zokhala ndi kukula komanso kolowera, yofanana ndi imene Hermann Grassmann wa ku Germany adatulutsa chaka chimodzi m'mbuyo mwake. Saint-Venant adaumirira kuti maganizowo adali nawo kuyambira 1832, ndipo padabuka mkangano wa amene adayamba.

Padalinso pamene iye mwini adaphonya. Potsata Navier ndi Poisson, ankakhulupirira kuti kutanuka kwa chinthu chilichonse chofanana mbali zonse kungafotokozedwe ndi nambala imodzi, ndi kuti chinthu chikakokedwa chimaonda nthawi zonse ndi gawo limodzi mwa magawo anayi a mlingo wa kutalika kumene chaonjezera. Akatswiri a ku Britain, George Green ndi Stokes, ankati pamafunika manambala awiri. Saint-Venant adateteza mbali yake mpaka imfa, koma zoyesa zidaweruza mokomera anzakewo: chitsulo cha sitilo chimaonda ndi magawo pafupifupi atatu mwa khumi, ndipo labala pafupifupi theka. Masamu ake a kupotoka sadagwe nazo, chifukwa amangofuna nambala imodzi yoyezedwa pa chitsulo chenichenicho.

Kafukufuku wake wa kutanuka kwa zinthu sadamusonkhanitse m'buku lakelake, koma adadzipereka kukonza mabuku a ena. M'chaka cha 1864 adatulutsanso buku la maphunziro a Navier, ndipo ndemanga zimene adaonjezera zidachuluka kwambiri kotero kuti mawu a mwini buku adatsala kagawo kakang'ono ka zonse. M'menemo adalembamo mbiri ya sayansi ya kulimba kwa zipangizo, akupatsa munthu aliyense gawo lake, ngakhale amene adali ataiwalika. Wophunzira amene adakonza cholakwa cha mphunzitsi wake pa kupotoka ndi yemwenso adasunga dzina la mphunzitsiyo.

M'chaka cha 1868, atakwanitsa kale zaka 70, adasankhidwa kukhala membala wa Académie des Sciences m'malo mwa Poncelet amene adamwalira. Chaka chotsatira Papa Pius IX adamupatsa ulemu wa ufumu wotchedwa comte.

Ntchito ya muukalamba

Pa msinkhu umene ambiri amakhala atapuma, iye adatsegula nkhani zatsopano. Henri Tresca adali atayesa zitsulo pozipanikiza mpaka kuyamba kuyenderera ngati dongo. M'chaka cha 1870 Saint-Venant adalemba masamu oyamba ofotokoza chitsulo chimene chapitirira malire ake otanuka, chimene sichibwereranso m'malo katundu akachotsedwa, ndipo Maurice Lévy adawakulitsa. Kumeneku kudali kuyamba kwa nthambi ya sayansi imene lero imatsogolera osula, opinda malata ndi opanga mabodi a galimoto. Imafotokozanso chifukwa chake shafiti ya chitsulo chofewa ikapotokoledwa mopitirira imayamba kugonja pakhungu, pakati padakali polimba, n'kupotoka kooneka ndi maso isadaduke chopingasa. Chitsulo chouma ngati cha mphika wachikale wothira m'chikombole chimathyoka mwadzidzidzi mopendekera mozungulira, monga choko chikapotokoledwa.

M'chaka cha 1871 adatulutsa masamu a mmene madzi amayendera mumtsinje kapena m'ngalande pamene akukwera ndi kutsika. Awa ndiwo adasunga dzina lake. Mapologalamu a kompyuta amene masiku ano amawerengera kuti chigumula chifika liti kumunsi kwa mtsinje, ndiponso kuti madzi akwera mpaka pati, amayendera masamu a Saint-Venant.

Zaka zake zomaliza adakhala ku Saint-Ouen, pafupi ndi tawuni ya Vendôme, kutali ndi phokoso la Paris. Kuchokera kumeneko ankalemberana makalata ndi achinyamata aluso. Mmodzi mwa iwo adali Joseph Boussinesq, mphunzitsi wosadziwika wa kumidzi amene Saint-Venant adaona luso lake n'kumulimbikitsa mpaka adakhala katswiri wotchuka pa za madzi ndi za nthaka yosenza maziko a nyumba. M'chaka cha 1883, ali ndi zaka 86, Saint-Venant mothandizana ndi Alfred Flamant adatulutsa m'Chifalansa buku la Alfred Clebsch la ku Germany, ndipo ndemanga zake zidalikulitsa pafupifupi katatu.

Adagwira ntchito mpaka masiku ake omaliza, ndipo adamwalira pa 6 Januwale 1886 ali ndi zaka 88. Patapita zaka zitatu, Karl Pearson wa ku London adasindikiza buku lonse lofotokoza kafukufuku wake. Chaka chomwecho cha 1889 nsanja ya Eiffel idamalizidwa ku Paris, ndipo pa iyo padalembedwa mayina 72 a akatswiri a sayansi ndi uinjiniya a dziko la France. Coulomb, Navier, Cauchy, Poncelet, Lamé, Coriolis ndi Tresca onse alipo, koma la Saint-Venant palibe. Dzina lake lidatsalira m'mabuku a ophunzira uinjiniya, pa mutu wa kupotoka kwa zitsulo, pa mfundo ya pogwirira katundu ndi pa masamu a madzi a mumtsinje, ndipo wophunzira aliyense wa ntchitoyi amakumana nalo asadaloledwe kusainira pulani ya mlatho kapena ya makina.